Mfuti ya Madzi

Chipinda chathu chili pansi, kuseri kwa kochapira zovala,
kulibe zenera loonera jakaranda wa mumsewu.
Zitsulo zimatsika kuchokera ku fiyeta pa kangolo,
masizasi, zopanira, timachubu toonda ngati udzu,
zonse zitavala magazi a anthu amene sitidzawadziwa.

Kudzanai wayamba Lolemba.
Mfuti ya madzi amaigwira ngati akutsuka kombi pa Copacabana
pomwe ankagwira ganyu chaka chatha,
ndiye ndamulanda.

Ndati yamba wavala.
Epuloni, magolovesi ofika m'chigongono,
chophimba kukamwa, magalasi,
ngakhale Okutobala akuwotche bwanji.
Ukatero yendetsa chala pa paipi yonse
kuchokera kukhoma mpaka kumlomo.
Ukapeza potupa kapena pong'aluka
usakulunge ndi mphira ngati mpopi wa kwanu ku Mufakose.
Tseka, lemba m'buku, itana a Mhizha okonza.

Madzi ozizira poyamba.
Otentha amaphika magazi,
amawamatiza m'kati ngati dzira pa chiwaya.
Miza chitsulo, miza ndi mlomo womwe,
uwombere pansi pa madzi.
Ukawombera poyera, nkhungu imene ibuke
si ya m'mawa ya ku Mukuvisi,
ili ndi zimene zachoka m'mimba mwa munthu,
ndipo woipuma ndiwe.

Waseka. Akuti amayi Nachisale mumaopa madzi.

Ndavula golovesi ya kumanzere.

Chinali chaka chija tinkanyamula ndalama m'matumba
osagula nazo ngakhale buledi.
Mlomo unkatulutsa mopotoka,
ine pofuna kumva ngati watsekeka
ndinaulozetsa pa chala ichi.
Kamodzi kokha. Psi!
Golovesi inabooka kabowo kosaoneka,
pachala ngati poluma udzudzu,
ndinatsiriza ntchito, n'kukakwera basi.
Kutacha dzanja linali dzungu.

Anakaling'amba kumwamba komweku,
ndi zitsulo zimene ndinatsuka ndekha.
Ndili chigonere, nyali yaikulu ili pamaso,
sindinapemphere za dzanja.
Ndinkawerenga mano a chopanira m'mutu mwanga,
kodi ndinafika onse,
kodi kachubu kaja ndinakaunika
kapena ndinkathamangira kunyumba.

Kudzanai wayang'ana chipsera, wayang'ana mfuti.
Sanalankhule.

Ndapitiriza, poti zitsulo sizidikira chisoni.
Chubu chilichonse chili ndi mlomo wake,
usakakamize waukulu pa kakang'ono.
Usanasinthe, tseka mpopi, finya chowombera
mpaka mfuti iuse moyo n'kukhala chete.
Mphamvu yotsalira m'paipi ndi galu wogona pakhomo.
Kasingano ka pakhoma kakadutsa mzere wofiira, leka.
Pansi pakanyowa, kolopa pomwepo,
ndipo waya wa magetsi asamwe nawo.

Khonsolo ikatseka madzi timadalira chitsime cha kuseri,
madzi ake amasiya zoyera ngati laimu
m'timabowo ta mlomo.
Tsiku ndi tsiku masula, viika m'mankhwala, tsukuluza ndi osefa,
umitsa.
Usatokose ndi singano, ungakulitse bowo.
Sefa ili ndi tsiku lake, lalembedwa apo.
Paipi uikoleke momasuka,
yopindidwa mwankhanza imasunga chakukhosi.

Pomwe timamaliza kunja kunali kutada.
Kombi yake yomaliza imanyamuka isanakwane naini,
ndinamuona akuba nthawi pa wotchi ya pakhoma.
Panatsala kachubu kamodzi.
Anakamiza, anakawombera, anakatulutsa,
anakakweza ku nyali n'kusuzumiramo ndi diso limodzi
ngati mwana woonera mpira pa bowo la mpanda.

Ine ndinali nditagwira kale cholembera.

Anakabwezera m'madzi.